Zoti mabakiteriya amawononga mankhwala a khansa

Achemwali mwafunsa ngati nzoona kuti mabakiteriya amatha kuwononga mankhwala a khansa, komanso kuti asayansi amadziwa bwanji. Nzoona ndithu, koma sikuti amachita dala ayi, iwowo amakhala akungosaka zomangira thupi lawo basi.

Kuti bakiteriya apange DNA ndi RNA amafunika ma nucleoside, kashuga ngati ribose kolumikizidwa ndi base monga adenine kapena cytosine. Kupanga zimenezi kuyambira pachiyambi kumadya mphamvu zambiri, ndiye amakonda kutola zakale nkuziphwasula, ngati munthu wogwetsa nyumba yakale nkusunga njerwa. Ophwasulawo ndi ma enzyme, mapuloteni amene amadula kapena kulumikiza zinthu mu selo. E. coli ali ndi ina yotchedwa purine nucleoside phosphorylase, mwachidule PNP, imatenga phosphate nkudula polumikizira paja, base uku, ribose-1-phosphate uko. Ifenso PNP tili nayo koma yathu ili ndi zigawo 3 pomwe yake ili ndi 6, ndipo yakeyo siisankha kwenikweni, imadula ngakhale adenosine amene yathu imangomusiya.

Vuto limabwera chifukwa mankhwala ambiri a khansa ndi a ma virus anapangidwa dala kuti azifanana ndi nucleoside, ndiye ma enzyme a bakiteriya amatha kuwagwira ngati nucleoside yeniyeni. Gemcitabine, mankhwala a khansa, ndi mmodzi mwa iwo. Mu 2017 gulu la Ravid Straussman ku Weizmann Institute ku Israel linatulutsa nkhani imene ineyo imandigwira mtima mpaka pano, anaona kuti maselo a khansa akaikidwa limodzi ndi maselo ena a pakhungu sakufa ndi gemcitabine, pofufuza anapeza kuti m'maselo apakhunguwo munalowa bakiteriya wotchedwa Mycoplasma ndipo ndi ameneyu amasandutsa mankhwalawo kukhala opanda ntchito. Atayesa mabakiteriya ena anapeza kuti a gulu la Gammaproteobacteria amachitanso chimodzimodzi kudzera mu enzyme ina yotchedwa cytidine deaminase ya mtundu wautali, imathothola kachigawo kotchedwa amine pa gemcitabine, basi mphamvu yatha. Pa zotupa za kapamba 113 zimene anayeza, 86 zinali ndi mabakiteriya. Mu mbewa antibayotiki wotchedwa ciprofloxacin anabwezeretsa mphamvu ya mankhwalawo, koma chonde izi ndi za mbewa, wodwala asayambe kumwa ma antibayotiki payekha.

Za kafukufuku wake, tinene ngati akufufuza PNP ija, amatenga gene yake, kachigawo ka DNA komwe kali ndi malangizo oipangira, nkuiika mu E. coli kuti aipange yambiri, kenako amaisefa mpaka itsale yokhayokha. Amathira kadontho mu kachubu kooneka mkati momwe muli nucleoside yotchedwa inosine ndi phosphate, nkuonjezera enzyme ina, xanthine oxidase, imene imasandutsa hypoxanthine, base wotuluka inosine akadulidwa, kukhala uric acid, ndiye makina amayeza kuwala kumene uric acid uja akumeza pa 293 nm, manambala akumakwera iwe ukuona ndi maso, liwiro la kukwerako ndiye liwiro la enzyme. Umboni umene ndimaukhulupirira kwambiri ndi wochotsa gene ya enzyme yomwe akuiganizirayo mu bakiteriya, mankhwala akasiya kuwonongeka ndiye kuti wolakwa wapezeka. Maonekedwe a enzyme amawaona ndi X-ray pa ma crystal.

Komanso PNP imagwira mbali zonse, imatha kudula imathanso kulumikiza. Mu 2019 a Merck ndi Codexis anasintha ma enzyme a mabakiteriya, PNP ili momwemo, nkuwayendetsa chobwerera kuti apange islatravir, mankhwala olimbana ndi HIV.