Alamu, masipikawo sanafe, onani karauta ka mukolido

Halo alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani funso lanu ndaliona kummawa mugulupumu koma ndinali mu minibasi, ndiye ndati bola ndingojambula mawu, kutayipa zonsezi chala chingathyoke. Mwati pa masipika atatu a Sonos aja, ya pabalaza ikuimba bwinobwino koma ya kukhitchini ndi ya kuchipinda zikumangosowa pa app, makamaka magetsi akazima n'kuyakanso, eti?

Musathamange nawo kwa okonza mawailesi ayi. Ine ndikukayikira karauta kakale kaja munaika mukolido kuti WiFi izifika kuchipinda. Masipika amenewa amafuna onse akhale pa netiweki imodzi pamodzi ndi foni yanu, ndiye ngati karautako kakugawanso kokha ma IP address (manambala a adilesi amene chipangizo chilichonse chimapatsidwa pa netiweki) pomwe rauta yaikulu ikugawanso ake, nyumba yanu yasanduka mudzi wa mafumu awiri, foni ili kwa mfumu iyi sipika ili kwa mfumu inayo, angamvane bwanji. Tayesani chonchi, imani pabalaza mulowe mu settings ya WiFi pafoni, muone nambala ija imayamba ndi 192.168, kenako mupite kuchipinda mulumikize ku karauta kaja muonenso. Uku ikakhala 192.168.1 uko 192.168.0, basi wakuba tamugwira. Mukasinthe kakhale pa access point mode, kuti kazingofalitsa WiFi osagawa maadilesi, kapena kaye mungokazula tione. Muonenso kuti foni isakhale pa guest, WiFi ya alendo ija, guest imabisa zinthu zonse za mnyumba, komanso nthawi zina munthu umapezeka uli pa data osadziwa kkkk.

Za magetsizo, chimachitika n'chakuti akabwera masipika amadzuka msanga pomwe rauta ikadali m'tulo, ndiye rauta ikadzuka yaiwala kuti adilesi iyi inapatsa ndani, n'kupatsanso wina yomweyo. Zulani zonse kukhoma, muyatse rauta yokha, mudikire mphindi ngati 3 mpaka timagetsi take tikhazikike, kenako masipika imodziimodzi osati onse kamodzi. Ndikadzabwera ndidzawaikira adilesi yokhazikika iliyonse mu rauta, amati DHCP reservation, ndiye zoiwalaiwalazo zidzatha.

Tsopano za kebulo munafunsa zija. Gulani ethernet, Cat5e kapena Cat6, imatha kuyenda mpaka mamita 100 osavuta, mulumikize sipika IMODZI yokha ku rauta yaikuluyo. Ngati masipikawo ali a mtundu wa Play:1 kapena One, imodziyo ikangolowa pa kebulo amapanga netiweki yawoyawo, SonosNet, enawo n'kumatengera kwa mnzawoyo osadaliranso WiFi yanu, ndipo pa app mutha kusankha tchanelo 1, 6 kapena 11, musankhe yosiyana ndi ya rauta. Koma akakhala Era 100 zimenezo palibe, ndipo kebuloyo imafuna ka adaputa kapadera. Chomwe ndikukanizani n'kulumikiza onse atatu kudzera pa switch yotchipa, kabokosi kogawira makebulo kaja, zinthu zimangozungulirazungulira mmenemo mpaka intaneti ya nyumba yonse kugwa, ine zinandichitikirapo ndinakhala Loweruka lonse ndikutukwana rauta yosalakwa.

Ya kukhitchiniyo, ndikukumbuka ili pamwamba pa firiji pafupi ndi microwave. Ichotseni pamenepo alamu. Microwave imasokoneza siginolo ya 2.4 GHz yomwe masipikawo amagwiritsa ntchito, ndiye achemwali akamatenthetsa ndiwo nyimbo ziziduka basi, kuphatikiza makoma anu a njerwa zootcha aja, siginolo imafika itatopa kale. Muisunthire chakukhomo kuja.

Mukayesa munditumizire chithunzi cha pansi pa sipika ndione model yake, koma kumbuyo kwa rauta musajambule n'kuponya mugulupu muno, pali pasiwedi, adzukuluwa akabwera holide angakumalizireni bandulo tsiku limodzi. Moni kwa achemwali ndi ana.