Chimanga chafota, masamba abooka: ndiyambe ndi chiyani?

Mayi wina wa ku Balaka watilembera imelo. Akuti anadzala chimanga ndi mvula ya mu Novembala, kenako kwachita ng'amba masabata awiri. Masamba akupinda masana, ena abooka. Alongo awo ku Mzimba sanadzale n'komwe. Akufunsa ngati athire Urea, apopere mankhwala, kapena angodzalanso.

Mayi, za ku Mzimba zisakudetseni nkhawa. Mvula kwathu kuno imayambira kum'mwera n'kumakwera, kotero ambiri kumpoto amadzala mu Disembala. Chovuta chili kwanu komweko. Balaka, Machinga ndi chigwa cha Shire ndi kotentha, chinyezi sichichedwa kutha.

Urea musathire pouma. Amangouluka ngati mpweya, ndipo akayandikira tsinde amawotcha mbewu. Dikirani mvula ilowe pansi, muboole dzenje pakati pa mapando, muthire, mukwirire. Za kudzalanso, lawirirani kumunda dzuwa lisanakwere. Ngati masamba atambasuka usiku, chimangacho chili moyo. Mvula ikabwera pakizani mapando okhawo amene afa, ndi mbewu yocha msanga.

Chotidetsa nkhawa ndi masamba obookawo. Nthawi ya ng'amba ndi pamene mbozi ya ntchemberezandonda imalusa, chifukwa mvula yamphamvu imakokolola timbozi tongoswa kumene, pomwe kutentha kumatikulitsa msanga. Mbozi iyi si yocheza nayo: mu Disembala 2017 inachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 20 mwa 28.

Yendani m'munda mokhotakhota ngati chilembo cha W. Imani malo asanu, pamalo aliwonse muone mbewu khumi. Tsegulani kunsonga kumene masamba atsopano akutulukira. Mukapeza ndowe zonga utuchi wonyowa, mwini wake ali m'katimo. Pamutu pake pali chizindikiro chonga Y chozondoka, chakumchira timadontho tinayi takuda. Kapuchi, mbozi ina ija yoboola mapesi, alibe zimenezi. Yang'ananinso kunsi kwa masamba: mazira amakhala pamulu, okutidwa ndi tiubweya totuwa, ndipo amaswa m'masiku awiri kapena atatu. Atikiteni ndi chala pompo.

Mbewu khumi mwa 50 zikapezeka zogwidwa, musagonenso. Munda ukakhala waung'ono, kutola ndi manja kawiri pa sabata kumathandiza zedi. Ena amatsina mchenga wosakaniza ndi phulusa n'kuthira kunsongako, ena amawaza msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere kudzadya mbozi.

Ngati mwasankha mankhwala, funsani alangizi za okhala ndi emamectin benzoate, ndipo mutsate muyeso wolembedwa pabotolo. Poperani madzulo kapena m'mamawa, chifukwa masana mbozi imabisala. Lunjikitsani kunsonga, osati kungomwaza pamwamba pa masamba. Apa ndi pamene ambiri ndalama zimawathera: amapopera mbozi itakula kale ngati kachala, itadzitsekera ndi ndowe zake, mankhwala osaifika. Valani chotchinga pakamwa ndi pamphuno, ana akhale kutali, ndipo pakapita masiku atatu mukayenderenso malo omwe aja kuti muone ngati kwatuluka ndowe zatsopano.