Kodi zotupa za m'chiberekero mapeto ake n'kuchotsa chiberekero?

Mayi wina wa ku Chilomoni walemba kuti sikani yaonetsa ma fibroid atatu, zotupa za m'chiberekero. Akufunabe mwana, koma anzake akuti chiberekero chichotsedwa basi.

Amayi, anzanuwo akungokuopsezani. Zotupazi si khansa. Ndi mnofu wa chiberekero umene umakula ndi mahomoni, n'chifukwa chake zimafota munthu akasiya kusamba. Ngati sizikukutayitsani magazi ambiri kapena kupanikiza chikhodzodzo, adokotala amangoziyang'anira ndi sikani.

Chimene chimandinyansa ndi mabotolo a zitsamba otsatsidwa pa WhatsApp kuti amasungunula zotupa. Bodza lenileni. Mayi amamwa miyezi, msambo ukutuluka zibulumazibuluma, n'kukafika ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ali wotumbuluka, Hb (mlingo wa magazi m'thupi) itatsika kutali ndi 12, mlingo woyenera. Pamenepo opaleshoni imayamba yadikira kuti amuwonjezere magazi. Ndiponso ambiri amamwa ferrous sulphate, mapiritsi a ayironi owonjezera magazi, ndi tiyi, chonsecho tiyi amalepheretsa ayironi kulowa m'thupi. Mezerani madzi.

Kwa amene vuto lake ndi magazi okha, pali tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, 1g katatu pa tsiku kwa masiku osapitirira 4 a msambo, koma osati kwa amene magazi anawaundanapo m'mitsempha. Jakisoni wa Depo kapena lupu ya mahomoni ya Mirena zimachepetsanso magazi, ngakhale zimaletsa kutenga mimba. Lupu ya kopa ayi, imawonjezera. Zonsezi sizichotsa chotupa. Jakisoni wa goserelin, wa masiku 28 alionse, amafotetsadi zotupa, koma sapitirira miyezi 6 chifukwa amafooketsa mafupa, ndipo mukasiya zimaphukanso. Ntchito yake n'kukonzekeretsa opaleshoni.

Nanga inu wofuna mwana?

Chachikulu ndi pamene chotupa chakhala, osati kuchuluka kwake. Chimene chalowerera m'kati, mogona mwana, ndicho chimalepheretsa kutenga mimba kapena kupititsa padera. Chakunja nthawi zambiri sichivuta. Funsani za myomectomy, opaleshoni yochotsa zotupa n'kusiya chiberekero. Dziwani zitatu musanasaine: imataya magazi, mwina mpaka adokotala kukakamizika kuchotsa chiberekero, ngakhale sizichitikachitika; zotupa zingamerenso; ndipo mwina mudzabereka kudzera pa opaleshoni. Kuchotsa chiberekero chonse kumathetseratu vutoli, koma n'kwa amene anamaliza kubereka.

Yambani kuchipatala cha kwanuko, muyezetse Hb, mutenge kalata yopitira ku Gulupu pamodzi ndi zotsatira za sikani.