Mankhwala otseka majini a khansa ya chikhodzodzo: kodi bambo adikire?

Mayi wina wanditumizira imelo. Bambo ake awapeza ndi khansa ya chikhodzodzo, ndipo iye wawerenga pa intaneti za tizinthu tating'onoting'ono tonyamula mankhwala otseka majini a khansa (majini pano ndi ma genes, malangizo a m'maselo a thupi). Akufunsa ngati bambowo adikire amenewo.

Pepani ndi matendawa, mayi. Koma asadikire ayi.

Selo ikafuna kupanga puloteni, jini imatumiza uthenga wotchedwa mRNA. Mu 1998, Andrew Fire ndi Craig Mello, pofufuza kanyongolotsi, anapeza kuti kachidutswa ka RNA kamatha kuugwira uthengawo panjira n'kuuwononga. Jini ilipo ndithu, koma mawu ake safika. Mu 2006 analandira nazo mphoto ya Nobel. Pa khansa, akatswiri amalimbana ndi majini ngati a survivin, omwe amachititsa kuti selo yoipa ikane kufa.

Pavuta ndi pa mtengatenga. Kachidutswako, siRNA, kakayenda kokha kamawonongeka msanga, ndipo kulowa mu selo sikatha. N'chifukwa chake amakakulunga m'timipira ta mafuta ta mananomita pafupifupi 100, pomwe milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000. Ena amagwiritsa ntchito chitosan, yochokera ku zikamba za nkhanu, chifukwa imamatirira.

Chikhodzodzo chili ndi ubwino wake: mankhwala amathiridwa momwemo kudzera m'kachubu, monga achitira ndi BCG kuyambira 1976. Inde, BCG, katemera wa TB uja anatisiyira chipsera pamkono. Komatu khoma la chikhodzodzo linapangidwa kuti lisalowetse kanthu, ndipo munthu akangotaya madzi, mankhwala apita nawo.

Mankhwala oyamba a siRNA, patisiran, anavomerezedwa ku America mu 2018, koma si a khansa. A khansa ya chikhodzodzo akadali m'malabu ndi pa mbewa. Wina akakuuzani kuti akugulitsa, gwirani chikwama chanu.

Palinso china chomwe nkhani zakunja sizitchula kawirikawiri. Kwathu kuno khansayi nthawi zambiri imayamba ndi likodzo lokhalitsa, ndipo ndi ya mtundu wa squamous, wosiyana ndi wofala ku Ulaya. Ambiri amafika kuchipatala italowa kale m'minofu, komwe mankhwala othira m'kachubu safika.

Mukapita ndi bambo kwa dokotala, mukafunse ziwiri: ndi ya mtundu wanji, nanga yalowa m'minofu kapena ayi? Thandizo lomwe lilipo lero, kaya ndi opaleshoni kaya mankhwala, limadalira mayankho amenewa.