Namondwe akadali kuzilumba, mlimi ayambe chiyani?

Wailesi ikangolengeza kuti pakati pa nyanja ya Indian Ocean pabadwa namondwe ndipo akulunjika ku Mauritius kapena ku Madagascar, mafunso ochokera kwa alimi amandichulukira. Ena amafunsa ali ndi mantha, ena ali ndi ukali pang'ono poganiza kuti azanyengo amangowaopseza. Ndasankhapo mafunso amene amabwerabwera kuti ndiwayankhe pamodzi.

Bambo wina afunsa kuti: "Alangizi, chimphepo choterechi chimayamba bwanji pamadzi okhaokha, popanda phiri kapena mtengo?"

Bambo, chakudya cha namondwe ndi madzi ofunda. Dzuwa likawomba nyanja kwa miyezi, madzi apamwamba amatentha. Kuti namondwe abadwe, madziwo afike pafupifupi madigiri 26 ndi theka, ndipo kufundako kulowe pansi mamita ngati 50. Madzi otere amatulutsa nthunzi yambiri. Nthunziyo ikakwera kumwamba kozizira imasanduka timadontho, ndiyo mitambo imene timaiona. Chinsinsi chagona apa: nthunzi ikamasanduka madzi imatulutsa kutentha kumene inatenga kunyanja. Gwirani chivundikiro cha poto wowira, mumva kuti chatentha ngakhale sichinakhudze moto. Kutentha kumeneku kumachititsa mpweya wa m'mitambomo kupepuka ndi kukwerabe. Pansi pamatsala malo amene mpweya wachepa, choncho mpweya wa m'mbali umathamangira pamenepo, ukukwapula madzi ofunda ndi kutenga nthunzi ina. Nthunzi ikachuluka kutentha kumachuluka, mphepo nkukula, mphepoyo nkutenganso nthunzi yoposa. Ndi moto wodzikolezera wokha.

Kuzungulira kwake kumachokera ku dziko lapansi lomwe, chifukwa nalo limazungulira. Mpweya wothamangira pakati uja umakhotetsedwa, m'malo molunjika umayamba kuzweta. Kum'mwera kwa ikweta, mzere wogawa dziko lapansi pakati, umazweta monga muvi wa wotchi, kumpoto kwake umazweta mobwerera. Pa ikweta penipeni mphamvu yokhotetsayi palibe, ndiye chifukwa chake anamondwe amabadwira makilomita ngati 500 kapena kuposa kuchokera pamenepo. Chilumba cha Mahé ku Seychelles, chomwe chili pafupi ndi ikweta, sichiwombedwa kawirikawiri, pomwe Mauritius, Réunion ndi Madagascar zili panjira yawo yeniyeni.

Si mitambo yonse yosonkhana imene imakula nkukhala namondwe. Yambiri imabalalika. Taonani utsi wa moto tsiku lopanda mphepo, umakwera chilili. Mphepo ikamawomba pamwamba mosiyana ndi pansi, utsi uja umapendama nkumwazika. Namondwe naye amafuna kuima chilili. Mphepo yapamwamba ikamukankhira kumbali, kapena mpweya wouma ukalowa m'kati mwake, amafa akadali khanda. M'chigawo chakum'mwera chakumadzulo kwa Indian Ocean, nyengo yake imawerengedwa kuyambira pa 15 Novembala mpaka pa 30 Epulo, ndipo pa chaka anamondwe ofika popatsidwa dzina amakhala pafupifupi 10.

Mayi wina afunsa modandaula: "Dzulo anati ndi wamng'ono, lero akuti ndi woopsa kwambiri. Kodi amatiuza zoona anthu amenewa?"

Mayi, amakuuzani zoona masiku onse awiri. Namondwe amatha kusintha msinkhu usiku umodzi. Ofesi ya zanyengo ya Météo-France ya pachilumba cha Réunion, yomwe imayang'anira chigawo chonsechi, imasanja anamondwe potengera liwiro la mphepo. Ikafika makilomita 63 pa ola, amapatsidwa dzina, ndipo opereka dzinalo ndi azanyengo a ku Mauritius kapena a ku Madagascar malinga ndi pamene ali. Pa makilomita 118 pa ola wakhwima. Kuyambira 166 amatchedwa wamphamvu kwambiri, ndipo akapitirira 212 wafika pamsinkhu womaliza. Mphepo ikawonjezera makilomita 55 pa ola kapena kuposa m'maola 24 okha, akatswiri amati namondweyo wakula modzidzimutsa.

Zimachitika chotere akapeza zonse zili m'malo mwake nthawi imodzi: madzi ofunda mpaka pansi, mphepo yapamwamba yofatsa, mpweya wonyowa mbali zonse. Nkhani ya kuya kwa madzi ofundayi ndi yaikulu. Namondwe amavundula nyanja monga mthiko, nkukwezera pamwamba madzi ozizira apansi. Ngati ofundawo ali ochepa, amadzizimitsira yekha moto. Ngati ali akuya, kuvundula konseko kumangotulutsa ofunda okhaokha. Pamenepo pakati pake pamatseguka diso, malo abata otambalala makilomita ngati 30 mpaka 60, lozunguliridwa ndi khoma la mitambo momwe muli mphepo yoopsa kuposa paliponse. Azanyengo akaona diso loyera bwino pazithunzi za setilaiti amadziwa kuti zinthu zavuta. Namondwe Chido, amene anawomba chilumba cha Mayotte pa 14 Disembala 2024 ndi mphepo yokuntha kupitirira makilomita 200 pa ola, anali wochepa thupi koma wolimba chotere.

Kulosera njira imene namondwe adzere kwapita patsogolo kwambiri, koma kulosera msinkhu wake nkovutabe. Choncho mukamva kuti akubwera cha kwanu, musadikire kuti amutchule woopsa.

Za disoli ndiwonjezerepo kwa alimi a m'zilumba ndi a m'mphepete mwa nyanja. Likamadutsa pamwamba panu, mphepo imaleka zii, mwina dzuwa nkuwala. Ena amatuluka kukaona ziweto kapena kukatola malata. Bata limenelo limatha mphindi zochepa kapena ola limodzi, kenako mphepo imabwerera ndi mphamvu yomweyo kuchokera mbali ina. Khalanibe m'nyumba.

Mnyamata wina wolima ndiwo zamasamba afunsa ngati anamondwe akuchuluka chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Lipoti la 2021 la IPCC, bungwe lofufuza za kusintha kwa nyengo padziko lonse, silinena kuti chiwerengero chawo chikwera. Limanena kuti mwa amene akubadwa, gawo la amphamvu kwambiri likukula ndipo mvula yawo ikuchuluka. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula nthunzi yowonjezera pafupifupi 7 pa 100 iliyonse, ndipo yonseyo imagwa ndithu penapake.

Funso limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi ili, lochokera kwa bambo wachikulire: "Wailesi yati namondwe wafooka atawomba Madagascar. Ndiye kuti tapulumuka, si choncho?"

Ayi bambo, musamasule mtima. Nzoona kuti akakwera pamtunda amasowa madzi ofunda, ndipo mapiri a Madagascar, omwe lalitali lake Maromokotro ndi la mamita 2,876, amamuphwanyaphwanya. Chilumbachi nchachitali makilomita pafupifupi 1,600, ndiye chimatchinga ambiri. Koma kuseri kwake kuli nyanja ya Mozambique Channel, yomwe madzi ake ndi ofunda kwambiri m'miyezi imeneyi. Namondwe wotsala mafupa akagwera m'menemo amanenepanso.

Namondwe Freddy ndiye mboni. Anapatsidwa dzina pa 6 Febuluwale 2023 kumpoto chakumadzulo kwa Australia, nawoloka nyanja yonse akukula modzidzimutsa kangapo. Anadutsa kumpoto kwa Mauritius pa 20, nawomba Madagascar pafupi ndi Mananjary pa 21, mzinda womwe namondwe Batsirai anali atausakaza chaka chimodzi m'mbuyomo. Anafooka, nawoloka, nalimbanso, nalowa m'Mozambique cha ku Vilankulo pa 24. Ambiri anayesa watha. Anabwereranso panyanja, nadyanso, nakalowa kachiwiri pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Pofika kum'mwera kwa Malawi mphepo yake inali itachepa kwambiri, koma anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, makamaka ndi madzi osefukira ndi mapiri ogumuka. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa. Idai wa 2019 naye poyamba analowa pamtunda ngati chimvula wamba, nabwerera panyanja, nkukalowa ku Beira atakhwima.

Mawu oti "wafooka" amanena za mphepo yokha. Madzi amene wasenza amakhalapobe, ndipo namondwe wofooka nthawi zambiri amayenda pang'onopang'ono, nkumakhuthulira malo amodzi kwa masiku. Akakumana ndi phiri, mpweya wonyowa umakakamizika kukwera nkufinyidwa ngati nsalu. Pa Réunion, namondwe Denise anagwetsa mvula ya mamilimita 1,825 m'maola 24 mu Januwale 1966, ndipo Gamede mu Febuluwale 2007 anagwetsa mamilimita 3,929 m'masiku atatu. Minda yambiri siilandira madzi otere ngakhale m'zaka zitatu. Choncho pomvera uthenga, tcherani khutu ku zinthu zitatu izi kuposa dzina la msinkhu wake: adzera kuti, akuyenda liwiro lanji, mvula akuti igwa yochuluka bwanji.

Mayi wina afunsa: "Nanga masiku awiri kapena atatu amene timachenjezedwawo tiziwagwiritsa ntchito yanji? Munda sungasamutsidwe."

Munda sungasamuke, mayi, koma zambiri za m'mundamo zingapulumuke. Yambani ndi mbewu yodzabzala. Iikeni m'chidebe chotseka bwino kapena m'matumba a pulasitiki awiri, muipachike pamwamba. Mlimi wotaya zokolola koma mbewu ali nayo amadzuka msanga kuposa mnzake. Chakudya chosungidwa chikwezeni pathandala, feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo muziike pouma ndiponso kutali ndi chitsime.

Kenako tengani khasu. Gwebani ngalande, chotsani zinyalala zotseka njira za madzi, kwezani milambala pamene yaphwanyika. Pamunda wosachedwa kuchita lowe, tsegulani timizere topingasa tija munatsekera madzi pakati pa mizere, koma madziwo muwalondolere ku ngalande, asakagwere m'munda wa mnzanu kapena kukumba chigwembe. Feteleza wobereketsa musathire sabata imeneyo. Ndaonapo alimi akuthamangira kuthira kuti "mvula isungunule", thumba lonse nkutsikira kumtsinje. Kupopera mankhwala nakonso dikirani.

Chilichonse chokhwima kololani, ngakhale chisanaumitsitse, mukachiumitsire pakhonde. Nthochi zimagwa msanga kuposa mbewu ina iliyonse: dulani mikoko yokhwima, yotsalayo muichirikize ndi mphanda, muphatule masamba ena. Alimi a m'zilumba za ku Pacific monga Fiji ndi Vanuatu amadulira mitengo ya chinangwa namondwe asanafike kuti mphepo isapeze pogwira nkuzula mizu, ndipo timitengo todulato timakhala mbewu. Njira imeneyi ndimaiyamikira. Mbatata, poti imayanga pansi, mphepo siivutitsa, ndiye nkwabwino kukhala nayo pamalo okwera.

Ziweto zipititseni kumtunda kukadali kowala, mutatenga udzu wa masiku angapo. Chonde musasiye mbuzi kapena ng'ombe ili pachingwe, kapena yotsekeredwa m'khola la kudambo. Chiweto chomasuka chimadzifunira pothawira.

Inuyo eni ake, ngati mumakhala m'mphepete mwa mtsinje, m'munsi mwa phiri lotsetsereka kapena pagombe pamene nyanja imakwera, chokani kukadali masana, akuluakulu akangonena. Ming'alu yatsopano panthaka, mitengo yopendama, mtsinje wosanduka matope mwadzidzidzi kapena wophwa pomwe mvula ikugwa, mkokomo wochokera kuphiri, zonsezi zikutanthauza kuti thawani pomwepo. Madzi othamanga ngakhale osafika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu. Palibe mbuzi yoyenera kuibwerera usiku.

Bambo wina, amene munda wawo unamira, afunsa: "Chimanga chagona, madzi ali tho. Ndizule ndibzalenso?"

Musafulumire, bambo. Choyamba tulutsani madzi. Chimanga chaching'ono chikamizidwa chonse masiku awiri mpaka anayi kawirikawiri chimafa, koma chachikulupo chimapirira ngati mizu yapeza mpweya msanga. Dikirani masiku anayi kapena asanu, ndiye mung'ambe phesi limodzi muone mtima wake. Ukakhala woyera ndi wolimba, chili moyo. Ukakhala wofewa, wakuda ndi wonunkha, pamenepo mpobzalanso. Chimene chagona chisanamasule chimadzuka chokha mokhota, musachiwongole ndi manja chifukwa mudula mizu yotsalayo. Chokhwima chomwe zitsononkho zakhudza matope chikololeni msanga, muchiyanike pamphasa kapena pathandala. Chochita chuku musadye, musapatsenso nkhuku kapena nkhumba, poizoni wake satha ndi kuphika. Chinangwa chozuka chimawonongeka m'masiku awiri kapena atatu, ndiye chisendeni muyanike. Masamba akachita chikasu nthaka itauma, thirani feteleza pang'ono, koma pokhapo pamene mbewu zapulumuka.

Chiweto chofa ndi madzi chikwirireni mozama kutali ndi chitsime. Zamoyo ziimike pouma kuti ziboda zisaole, ndipo muonane ndi alangizi a ziweto za mankhwala a njoka zam'mimba. Madzi a pachitsime chomwe chinamira muziwiritsa kapena kuthira klorini, inu ndi ana omwe.

Pamene nyanja inalowa m'munda, mchere umatsalira m'nthaka ndipo mbewu zimapserera ngati zawauka. Tsegulani ngalande kuti mvula yotsatira iutsuke, thirani manyowa, ndipo yesani kaye kachigawo kakang'ono musanabzale munda wonse. Pamene mtsinje wasiya dothi, kumbani ndi khasu muone. Ngati ndi matope akuda, mwalandira chonde, bzalani mbewu zocha msanga chinyezi chikadalipo. Ngati ndi mchenga wosapitirira chikhatho, usakanizeni ndi nthaka yapansi polima. Ukakhala wofika m'mawondo, kumbani mayenje mpaka mupeze nthaka yakale, muthiremo manyowa, mubzale m'menemo.