Ndalama za mu gemu zaima pa 2,147,483,647, zatani?

FUNSO: Akonzi, mng'ono wanga amasewera kagemu kena pa foni, ndalama zake za mugemumo zinakwera mpaka 2,147,483,647 kenako zinangoima, olo awine bwanji sizikusunthanso. Ndimayesa foni yafa koma kwa mnzake zinaimanso pa nambala yomweyo. Nambala imeneyi ili ndi chani? Wowerenga, Zomba

YANKHO: Achimwene foniyo ili bwinobwino, musavutike kupita nayo kwa okonza. Chidebe chosungira nambalayo changodzadza basi. Kompyuta imawerenga ndi 0 ndi 1, ndiye mapulogalamu ambiri amasunga nambala m'timalo 32, kamodzi nkongosonyeza ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro, totsala 31 mukatidzadza tonse ndi ma 1 imatuluka nambala yanuyo. Yesani nokha, lembani ma 2 okwana 31, muwatayimuse onse, muchotsepo 1. Magemu ena mukaonjezera 1 pamenepo ndalama zimatembenuka nkukhala -2,147,483,648, mwana nkudzuka ali ndi ngongole, ndiye mng'ono wanuyo athokoze kuti zake zangoima.

Koma chimene chimandisangalatsa ine nchakuti nambalayi inatchuka kalekale kulibe foni. Ndi prime, kutanthauza kuti palibe nambala ingaigawe popanda chotsala kupatula 1 ndi iyo yomwe. Pa 2 sigawika poti ikuthera 7, pa 3 ayinso, mukaphatikiza manambala ake mupeza 46 ndipo 46 sagawika ndi 3. Izi nzophweka, koma kuti mutsimikize mufunika kuyesa mpaka cha pa 46,340, apa ndiye pamafunika mutu. Katswiri wa masamu Leonhard Euler anatsimikiza mu 1772 ali ku St Petersburg ku Russia, maso ake atatsala pang'ono kufera, ndipo sanayese zonse ayi, anadziwa kuti nambala yoti ingaigawe iyenera kusiya 1 ikagawidwa ndi 62, ndiye zambirimbiri anangozidumpha. Kwa zaka pafupifupi 100 inali prime yaikulu kuposa ina iliyonse yomwe anthu ankaidziwa.

Mtundu wake, wa ma prime otuluka mukatayimusa ma 2 nkuchotsapo 1, amati Mersenne prime, dzina la wansembe wa ku France Marin Mersenne, ndipo iyi ndi ya nambala 8 pamzere umene ukuyamba 3, 7, 31, 127. Musaganize kuti njirayi imabala prime nthawi zonse, ma 2 okwana 11 kuchotsapo 1 ndi 2,047 koma ameneyo ndi 23 kutayimusa 89. Mersenne prime yomwe inapezeka mu Okutobala 2024 ili ndi madijiti opitirira 41 miliyoni, imeneyo musandifunse kuti ndiilembe muno.

Kanthu kena, makompyuta ambiri akale amawerenga nthawi ngati masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970, ndipo masekondi 2,147,483,647 ndi zaka 68 ndi masiku ochepa. Chidebe chimenecho chidzadzadza pa 19 Januwale 2038, makina omwe sanakonzedwe azidzaona ngati tabwerera mu 1901. Atsopanowa amagwiritsa timalo 64, ndiye foni yanu isakudetseni nkhawa. Mng'ono wanuyo muuzeni agule zinthu mugemumo ndalamazo zitsike, ziyambanso kukwera.