Funsani Azakhali: Tinaitana anthu kudzapereka magazi, anabwera 6 okha

Azakhali, ndine mlembi wa komiti yoona za umoyo wa antchito pafakitale ina ku Kanengo. Chaka chatha tinakonza tsiku lopereka magazi. Tinamata chikalata pageti, uthenga tinaponya pagulu la WhatsApp, koma mwa antchito oposa 200 anabwera 6 okha. Ena ankanong'onezana kuti magaziwo akagulitsidwa. Abwana akuti tiyesenso. Ndiyambire pati?
Wokhumudwa, Area 25

Mwanangu, musagwe mphwayi. Kutchalitchi kwathu ku Kawale titayesa koyamba, anafika ndi anyamata a kwaya okha, ndipo awiri anathawa ataona singano. Chikalata cha pageti sichichotsa mantha. Mantha amatha munthu akamva kwa mnzake amene amadya naye nsima pa nkhomaliro.

Choncho yambani ndi anthu 6 aja. Aliyense wa iwo adakali moyo, akunyamula katundu ngati kale, ndipo akunyumba kwake sanadandaule kuti wafooka. Apatseni mpata alankhule pamsonkhano wa m'mawa, aliyense akokenso anzake atatu. Abwanawo asangolamula ali mu ofesi. Akhale oyamba kugona pabedi ndi kutambasula mkono, onse akuona.

Za kugulitsa magazizo musaziseke. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi ku Phalombe, mmene anthu osalakwa anaphedwera. Nkhani ya magazi imakhudza mtima wa Mmalawi. Pemphani a bungwe lotolera magazi la Malawi Blood Transfusion Service (MBTS), omwe ali ndi nthambi yawo muno mu Lilongwe, kuti atumize munthu sabata imodzi tsikulo lisanafike adzayankhe mafunso. Afotokoze okha kuti amatenga pafupifupi mamililita 450, pomwe munthu wamkulu ali ndi malita pafupifupi 5 m'thupi. Kuti singano ndi thumba ndi zatsopano kwa aliyense. Kuti magaziwo amayezedwa HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C asanapite kuchipatala. Funso limene anthu sangalifunse pagulu ndi lakuti, "Nanga akandipeza ndi kachilombo, abwana adziwa?" Lifunseni inuyo mokweza m'malo mwawo, amve kuti zotsatira ndi chinsinsi cha mwini wake.

Kenaka atchulireni kumene magaziwo akupita. Osati "kupulumutsa miyoyo" ayi, mawu amenewo anthu anawazolowera ngati nyimbo ya pawailesi. Nenani za mayi amene wataya magazi pochira ku Bwaila, za mwana amene malungo amumaliza magazi ku Kamuzu Central, za wakabaza amene wagundidwa pamsewu wa M1. Pafakitale panupo simulephera kupezeka bambo amene anathamangapo usiku kusaka wachibale woti apereke magazi. Akalola, ayankhule iyeyo.

Tsiku musankhe mwanzeru. Magazi ambiri m'dziko muno amachokera kwa ana a sukulu, ndiye sukulu zikatsekera nkhokwe zimaphwa. Disembala ndiye woopsa, chifukwa mvula yayamba, malungo achuluka, ngozi za nyengo ya Khirisimasi nazo zili pomwepo. Magazi anu adzafunika kwambiri nthawi imeneyo kuposa pa 14 Juni, tsiku lokumbukira opereka magazi padziko lonse, pomwe aliyense amafuna kujambulitsa. Koma pewani tsiku la malipiro. Anthu mitima imakhala ili kubanki ndi kwa okongoza ndalama.

Mabedi, masikelo ndi zoyezera amabwera nazo a MBTS eni ake. Inu konzani chipinda choyera, cha mphepo yabwino, ndi kangodya kobisika koti munthu ayankhe mafunso a zaumoyo popanda womvetsera. Gawani anthu m'magulu malinga ndi mashifiti kuti makina asaime, ndipo amene wapereka asabwerere pomwepo kukasenza matumba. Akumbutseni dzulo lake kuti adye ndi kumwa madzi okwanira. Wobwera ndi njala ndi amene amachita chizungulire, ndipo mmodzi akagwa, mzere wonse umabalalika.

Ena adzabwezedwa chifukwa cha kuchepa magazi, sikelo kapena mankhwala amene akumwa. Athokozeni mofanana ndi enawo, ndipo musalole wina awafunse chifukwa. Musanatseke, lembani mayina a ofuna kudzaperekanso, ndipo mugwirizane ndi a MBTS tsiku lobweranso pakatha miyezi inayi.